Mbewu Sadya: Luso la Mmisiri wa Mabatire ku Kanengo

Ku Kanengo kulibe nyanja. Kuli fumbi, njanji yochokera ku Salima, nkhokwe zitalizitali za chimanga cha boma, ndiponso fungo la fodya lomwe limakuta dera lonse msika ukatsegulidwa. N'chifukwa chake tsiku lomwe boti la amalume anga linalowa pagalaja ina kumeneko, lili pangolo yokokedwa ndi galimoto, anthu anayamba asiya zochita zawo. Madalaivala a mathiraki odikira kutsitsa mabelo analizungulira, amayi a mbatata yootcha anasuzumira, ana a ku Mgona nawo akugogoda m'nthiti mwake kuti amve kulira kwa fayiba. Ine ndinangobwera kudzaperekeza amalume. Ndinatha masiku atatu pagalajapo, chifukwa ndinapeza munthu akugwira ntchito m'njira yoti maso anga anakana kuchokapo.

Botilo linachokera ku Senga Bay, ulendo wa makilomita oposa 100 pamsewu wa M14. Linabwera kudzamatidwa pomwe linang'aluka, koma amalume anali ndi nkhawa ina yoposa mng'aluwo. Usiku wina wa mwezi wa Juni, iwo ndi anyamata awo anali pamadzi, nyali zokopera usipa zikuyaka, pampu ikutaya madzi, mafoni ali pa tchaji, zonsezo zikuyamwa batire limodzi, lomwenso linali lolizira injini. Cha m'ma 3 koloko mwera unadzuka. Atapotokola kiyi, injini inangoti kete, kete, basi. Nyali zinafiira, kenako n'kuthima, kukhala mdima wa ndiweyani. Anachita kuvundukula injini ndi kukulunga chingwe pamwamba pake, mafunde akuthira m'boti, wina akukapa madzi ndi chigubu chodula. Inadzalira atakoka mpaka manja kuchita matuza. Amalume ndi munthu wa nthabwala, koma akafika pa nkhani imeneyi mawu amawatsika.

Maganizo awo anali achidule: kugula batire lina, kuliika pambali pa lakale, kulumikiza mutu wofiira ku wofiira, wakuda ku wakuda, nkhani n'kuthera pomwepo. Ambiri amatero. Koma mmisiri yemwe anthu anatilozera pagalajapo sadziwa ntchito yachidule. Ndi bambo wa imvi zapatalipatali, wokonza zamagetsi a galimoto, yemwe wakulira kunsi kwa mathiraki a ku Kanengo. Kashedi kawo ka malata n'kakang'ono, koma mkatimo chilichonse chili pamsomali wake: mawaya ofiira mbali iyi, akuda mbali iyo, masipanala atandanda kuyambira wamng'ono mpaka wamkulu. Pamkono pawo palibe wotchi, kuchala kulibe mphete. Chifukwa chake ndinachimva pambuyo pake: mphete ikakhudza mutu wa batire ndi chitsulo china nthawi imodzi imafiira ngati khala la moto, chala chili momwemo.

Anamvetsera nkhani ya amalume mpaka kumapeto, osawadula pakamwa. Kenako analoza nkhokwe zija, zomwe zimaonekera pamwamba pa madenga a mafakitale.

"Achikulire, kwanu kumudzi njala ikavuta mumadya chimanga cha mbewu?"

"Ayi, bambo. Mbewu sadya. Imakhala payokha, kutsindwi, pa utsi."

"Mwadziyankha nokha. Batire lolizira injini ndiye mbewu. Lachiwirili likhala nkhokwe ya chakudya. Nkhokwe itha kuuma, anthu n'kugona ndi njala usiku umodzi, koma mbewu ikhalepo. Mukangowamangirira pamodzi, ndiye kuti mwakhuthulira mbewu m'nkhokwe. Mudya zonse, ndipo tsiku la mwera mudzakhala ndi mabatire awiri akufa m'malo mwa limodzi."

Ntchito yonse ya masiku atatu inaphuka kuchokera m'mawu amenewo.

Mabatire awiriwa kunja amafanana, koma mkati ndi anthu awiri osiyana. Lolizira injini lili ndi timapuleti ta mtovu tambirimbiri, topyapyala, kuti lipereke mphamvu yochuluka pa masekondi ochepa, monga mnyamata woponya thumba la feteleza m'lole n'kukhala pansi kupuma. Ukamaliyamwa mpaka pansi usiku ndi usiku, timapuletito timayoyoka ndipo batire limafa lisanakalambe. Lachakudya, lomwe m'masitolo amalitcha la sola kapena deep cycle, mapuleti ake ndi okhuthala. Limapereka pang'onopang'ono usiku wonse, monga mayi wosenza mtolo wa nkhuni ulendo wautali. Ukawamanga pamodzi osaika chowalekanitsa, amakhala ngati migolo iwiri yolumikizidwa ndi paipi pansi: madzi amachoka m'wodzaza kuthamangira m'woperewera, ndipo umodzi ukakhala wobooka yonse iwiri imauma. Mnyamata wophunzira ntchito kwa amisiriwo, wa ku Area 25, anazolowera za mathiraki, komwe mutu wofiira wa batire ili umapita ku wakuda wa linzake kuti ma volt 12 ndi 12 akhale 24. Amisiri anamugwira paphewa. "Iwe, muno si m'thiraki. Zonse muno n'za 12. Ukamanga ngati kuja, nyali ndi pampu zipsa kamodzin'kamodzi."

Tsiku loyamba sanadule waya ngakhale mmodzi. Anatenga chidutswa cha katoni ndi pensulo ya kukhutu, n'kukhala pamphepete mwa ngolo, kuyamba kufunsa ngati sing'anga wa kuchipatala. Nyali ndi zingati? Zimayaka maola angati? Mumayenda nthawi yaitali bwanji kuti mufike pomwe mumaponya chilimira? Masana boti limakhala padzuwa kapena pamthunzi? Anandifotokozera kuti volt ndi mphamvu yokankha, ngati ya madzi a pampopi, amp ndi kuchuluka kwa madzi omwe akutuluka, ndipo nambala ya Ah yolembedwa pabatire ndi kukula kwa mtsuko. Kenako masamu anayamba kutsika pakatoni paja. Nyali zinayi, iliyonse ya ma watt 15, pamodzi 60. Kugawa ndi ma volt 12, ma amp 5. Kwa maola 8, ndiye 40. Kuwonjezerapo pampu ndi mafoni, 45. Batire la mtovu silikondwa kutsika kupitirira theka, choncho wofuna kutapa 45 usiku uliwonse agule mtsuko wa 100. Anazunguliza 100Ah ndi pensulo, n'kupereka katoniyo kwa amalume kuti apite nayo kusitolo.

Apa wogulitsa wina akanathera pomwepo, n'kulandira ndalama yake. Iwo anati funso lalikulu lisanayankhidwe: mtsukowo audzaza ndani? Anamiza mwendo wa injini mumgolo wa madzi, poti injini ya boti imaziziritsidwa ndi madzi ndipo ikalira pouma kamphira kake kopopa madzi kamapsa. Anailiza, n'kuyeza ndi tesita. Ikamangong'ung'udza pansipansi inkapereka zosawerengeka. Ikathamanga inkapereka ma amp 6. Ola limodzi popita, ola limodzi pobwerera, ndiye 12, ndipo gawo lina liyenera kuyamba labwerera ku mbewu.

"Mukutapa ndowa 45, mukubweza 12. Achikulire, nkhokwe yotere imatha masiku angati?"

Amalume anangopukusa mutu. Yankho linali dzuwa. Boti la usipa limagona masana padoko, dzuwa la ku Salima likuswa mtengo. Sola ya ma watt 150 imapereka pafupifupi ma amp 8 dzuwa likakhala paliwombo, ndipo pa maola asanu a dzuwa lamphamvu imasonkhanitsa pafupifupi 40. Kuphatikiza ndi za injini, 52. Batire silibweza zonse zomwe walipatsa, zina zimatayika ngati kutentha, choncho 52 akungokwanira kubweza 45 aja popanda chotsala. Amisiri sanabise zimenezo. Anati masiku a mitambo a Juni ndi Julayi sola idzaperewera, ndiye batire lizinyamulidwa kupita kwa otchaja a kumtunda lisanafooke. Ndinakonda chilungamo chimenecho. Mmisiri wabwino amakuuza pomwe ntchito yake ithere mphamvu, kuti usakadzidzimukire pamadzi.

Tesita inaululanso china. Injini itathamanga kwambiri, manambala anakwera kupitirira ma volt 15. Injini zing'onozing'ono zambiri zili ndi kachipangizo kowongola magetsi kotchedwa rectifier, koma kopanda choletsa kuti asasefukire. Batire la ma volt 12 limafuna kutchajidwa pakati pa 13.8 ndi 14.4. Kupitirira apo limawira, madzi ake amauma, mapuleti n'kuyamba kuonekera. N'chifukwa chake batire lakale la amalume linkamwa madzi ngati ng'ombe ya m'chilimwe. Anachotsa kakaleko n'kuikapo kokhala ndi regulator. Sola nayo siilumikizidwa kubatire mwachindunji, chifukwa payokha imakankha ma volt 18 kapena kuposa. Pakati pamakhala kontirola, ndipo iwo anaphunzitsa amalume dongosolo lake: kontirola iyambe yalumikizidwa kubatire, sola ibwere pambuyo.

Tsopano panatsala mtima wa ntchito yonse: kuti injini imodzi idyetse mabatire awiri, koma nyali zisakhudze mbewu. Njira zilipo zitatu, ndipo anaziyala zonse pathebulo. Yoyamba ndi swichi yaikulu yotembenuza ndi dzanja, yosankha batire loyamba, lachiwiri, onse awiri kapena kuthimitsa. Ndi yolimba, koma imadalira kukumbukira kwa munthu wotopa, wonyowa, wosagona. Akaiwala pa "onse" wadya mbewu, akaithimitsa injini ikulira wawotcha zotchajira. Yachiwiri ndi ma diode, omwe amalola magetsi kupita mbali imodzi yokha. Vuto lawo ndi msonkho: amadya pafupifupi 0.7 ya volt panjira, ndipo batire lolandira 13.5 m'malo mwa 14.2 silikhuta. Pa injini yopereka ma amp 6 okha, msonkho umenewo ndi waukulu.

Yachitatu ndi kabokosi kakuda kokwana m'chikhatho, relay yomva kukwera ndi kutsika kwa ma volt. Iwo ankangoitcha mlonda. Injini ikalira, magetsi amayamba apita ku batire la mbewu. Likabwerera mwakale, ma volt n'kukwera kufika cha pa 13.3, mlonda amatsegula chipata, otsalawo n'kuyamba kulowa m'nkhokwe. Injini ikazima, ma volt n'kutsika cha pa 12.8, amatseka. Kuyambira pamenepo nyali zidye mmene zingathere, mbewu ili kuseri kwa chitseko. Mlonda ameneyu saodzera, saiwala, sachita mantha ndi mafunde. Pambali pake anaikapo swichi ina ya kiyi wofiira wochotseka, yolumikiza mabatire onse awiri pa ngozi, ngati tsiku lina mbewuyo ndiyo yafooka. Kiyiyo anamumanga pachingwe n'kumuveka amalume m'khosi. "Uyu sakhala paswichi. Mukamusiya pamenepo, anyamata adzamupotokola kuti nyali ziwale, ntchito yonseyi idzakhala yachabe."

Tsiku lachiwiri linali la mawaya, ndipo ndi pomwe ndinaona kusiyana kwa wodziwa ndi wongoyerekeza. M'galimoto chitsulo cha thupi lonse ndiye njira yobwerera ya magetsi, waya mmodzi amakwana. Boti la fayiba kapena la matabwa lilibe chitsulo chotero. Nyali iliyonse ifuna mawaya awiri, wopita ndi wobwerera, ndipo mitu yakuda ya mabatire onse awiri iyenera kukumana pamalo amodzi ndi waya wonenepa ngati wofiira. Anayeza mtunda ndi chingwe, n'kuwerengera kawiri, chifukwa magetsi amayenda ulendo wopita ndi wobwera. Pa magetsi a ESCOM a ma volt 230, kutaya theka la volt panjira si kanthu. Pa ma volt 12, theka la volt ndi kusiyana kwa batire lokhuta ndi la njala. Choncho waya woonda, ngakhale asatenthe, ndi wakuba.

Amalume anali atagula mpukutu wa waya wowala bwino, wotsika mtengo. Amisiri anausenda kumapeto, n'kupala tinsinga take ndi mpeni. Kufiira kuja kunachoka, mkati munali mbee. Anayatsa machesi pansi pake, tinsinga n'kulefuka ngati masamba a bonongwe m'madzi otentha. Anali aluminiyamu wongopakidwa mkuwa kunja. Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Waya wotero salola magetsi kuyenda ngati mkuwa weniweni, ndipo chinyezi chikamulowa amasanduka ufa. Anakananso waya wa m'nyumba, wa nsinga imodzi yolimba, poti boti limanjenjemera ndi injini ndi kumenyedwa ndi mafunde, ndipo nsinga imodzi ikapindika kambirimbiri imathyoka mkati mwa chikopa, kunja kukuoneka bwinobwino. Anatulutsa wawo, wa tinsinga tambirimbiri ta mkuwa, tokutidwa ndi tini kuti tisachite dzimbiri. Madzi a nyanja yathu alibe mchere ngati a ku Beira kapena ku Nacala, komabe chinyezi cha usiku ndi madzi a nsomba zimadya mkuwa mosalekeza.

Ndikanakonda aliyense akanaona manja aja akumanga mutu umodzi wa waya. Amayeza kuya kwa kachitsulo kolowetsamo waya ndi chikhadabo, n'kuzunguliza mpeni pachikopa mopepuka, osadula kansinga ngakhale kamodzi. Akasenda, amayang'anitsitsa padzuwa. Kansinga kakagwa pansi, amadula n'kuyambiranso. Amalowetsa kaye kachubu kofota ndi moto, kenako waya m'kachitsulo mpaka tinsinga tigunde kumapeto, n'kufinya ndi chofinyira chachikulu mpaka mkuwa ndi kachitsulo zikhale thupi limodzi. Akatero amapatsa mnyamata uja kuti akoke ndi mphamvu zake zonse. Ukasolola, wadulidwa. Ukapirira, amatsitsira kachubu kaja pamwamba n'kukawotcha pang'onopang'ono, kakufota, mpaka kaguluu katuluke m'mphepete n'kutseka njira ya madzi. Mitu yotere inalipo yoposa makumi awiri, ndipo wotsiriza anaumanga ndi chidwi chomwecho ngati woyamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Palibe pomwe anapota mawaya ndi zala n'kukulunga tepi, chifukwa tepi padzuwa la kunyanja imamatuka ndipo mfundo yopota imatentha.

Mawayawo anawayendetsa m'mwamba, kunsi kwa mlomo wa boti, kutali ndi madzi a pansi ndi mapazi a anyamata okoka khoka, atamangidwa pafupipafupi kuti asalendewere. Pomwe waya akudutsa pabowo anaikapo mphira. Waya asanalowe m'nyali kapena m'bokosi, ankamugwetsa kaye pansi pang'ono ngati chigongono, kuti dontho loyenda pachikopa likadonthere pamenepo, lisalowe mkati. Anaikanso nyali zodziwitsa maboti ena, yofiira kumanzere, yobiriwira kumanja, yoyera kumbuyo, monga mwa lamulo la apamadzi padziko lonse, kuti wokumana nawe usiku adziwe komwe walunjika.

Pa mafyuzi sanalole kukambirana. Ambirife timaganiza kuti fyuzi imateteza nyali kapena wailesi. Iwo anati imateteza waya, ndipo poteteza waya imateteza boti. Batire lalikulu likachita shoti limatulutsa ma amp mazanamazana, waya amafiira, chikopa chimayaka, ndipo m'boti muli petulo ndi fayiba, zonse zokonda moto. Galimoto ikayaka umatsika n'kuthawira kutchire. Pakati pa nyanja uthawira kuti? Malamulo a opanga maboti ku America amati fyuzi isatalikire masentimita 18 kuchokera pabatire. Iwo amayeza ndi chikhatho chotambasula, ndipo muyeso wake ndi womwewo. Waya wolumikiza mabatire awiri anamuikira fyuzi mbali zonse ziwiri, chifukwa moto ungachokere uku kapena uko. Waya wolizira injini, yemwe amakoka mphamvu yochuluka zedi, anamufupikitsa n'kumuveka paipi ya mphira. Pomaliza anaika mafyuzi apadera m'kabotolo kotseka bwino n'kukamangirira pafupi. "Ikapsa, funsani chaipsereza. Musaikepo msomali, musaikepo kawaya. Fyuzi ikafa, yafera inu."

Batire la 100Ah limalemera ngati theka la thumba la chimanga, mwinanso kuposa. Anayenda m'boti kufunafuna malo ake, akuganizira pomwe pamakhala injini, tanki ndi anthu, kuti boti lisapendekeke kapena kumira kumbuyo. Analikhazika m'bokosi la pulasitiki pathabwa lokwezeka, n'kulimanga ndi lamba kuti ngakhale funde litukule boti, batire lisadumphe. Bokosilo analiboola m'mwamba. Batire likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen, wosaoneka ndi maso, womwe ukangofika magawo anayi pa 100 aliwonse m'malo otsekeka umaphulika ndi kamoto kakang'ono. Tanki ya petulo anaisunthira kutali, chifukwa nthunzi ya petulo imatsika n'kubisala pansi pa boti. Pomanga mitu, sipanala wawo anali wokulungidwa ndi tepi mpaka kukhosi, kuti akagwera pakati pa mitu iwiri asathethetse moto. Wakuda amachotsedwa poyamba, n'kubwezedwa pomaliza. Atamanga zolimba anapakapo girizi, n'kuvundikira mutu wofiira ndi kachipewa ka mphira.

Madzulo a tsiku lachiwiri anayatsa nyali zonse zinayi, n'kupempha alonda a pagalaja kuti azithimitse pakatha maola 8. Boti linawala pakati pa mathiraki ngati lili padoko. M'mawa tinafika kusanatenthe. Tesita pa batire la chakudya inati 12.3. Pa batire la mbewu inati 12.6, monga dzulo lake, osasuntha. Amalume anakwera, n'kupotokola kiyi. Injini inadzuka kamodzi. Amisiri anakweza chala kuti tikhale chete, khutu lili pa kabokosi kakuda kaja. Patapita kanthawi tinamva kuti tha! Chipata chatseguka, ndipo manambala a nkhokwe anayamba kukwera. Amalume anayang'ana kumbali, n'kupukuta m'maso ndi chipewa. Ndikhulupirira kuti anali atabwerera ku usiku uja wa Juni.

Ntchito sinathere pamenepo, chifukwa amisiri ankadziwa kuti batire silifa m'manja mwa wolimanga, limafa m'manja mwa wolisunga. Mkati mwa chivundikiro cha bokosi analemba ndi penti manambala atatu: 12.6 lakhuta, 12.2 theka, 12.0 thimitsani zonse. Anati powerenga aziyamba athimitsa nyali kwa kanthawi, chifukwa batire lomwe likugwira ntchito kapena longochoka kumene pa tchaji silinena zoona. Mdani wamkulu wa batire la mtovu ndi kugona ndi njala. Likatsika n'kusiyidwa masiku angapo, pamapuleti pamamera timiyala toyera ta sulphate, tomwe tikauma sitisungunukanso, ndipo mtsuko wa 100 umasanduka wa 60, kenako wa 30. Madzi akatsika, athiremo madzi a batire okha, ochokera ku nthunzi, osati a m'nyanja, osati a pamjigo, osatinso asidi, chifukwa chomwe chimauma ndi madzi, asidi amatsala momwemo. Ndipo anawapatsa kalendala yomwe msodzi aliyense amaidziwa. Mwezi ukawala kumwamba, usipa sulabadira nyali ndipo asodzi amapuma. Masiku amenewo ndiwo otsitsa batire, kulitchaja mpaka likhute, kutsuka mitu ndi madzi a soda, kuyang'ana madzi ndi kukoka mawaya onse kuona ngati alipo wagwedera. Likadzafa, alibweze kwa ogula mabatire akale. Asatayire asidi pamchenga pomwe ana amasewera, asasungunule mtovu pamoto wophikira, poti mtovu ndi poizoni wowononga ubongo wa mwana.

Batire la mtovu ndi asidi analipanga Gaston Planté ku France mu 1859, ndipo mpaka lero ndi lomwe likuliza mathiraki a fodya ndi kuyatsa nyali za siginala pa bwato. Chipangizocho n'chakale, chodziwika, chopezeka pa sitolo iliyonse. Chosowa ndi nzeru yochisunga. Dziko lathu linaphunzira nzeru imeneyi mowawa mu Januwale 2022, pomwe namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, mizinda n'kukhala mumdima miyezi yambiri. Ku Golomoti, m'boma la Dedza, malo opangira magetsi a dzuwa anamangidwa pamodzi ndi mabatire ake. Ndipo mu Novembala 2024, ku Kanengo komweko, kunakhazikitsidwa ntchito yomanga mabatire aakulu a ma megawatt 20 pa siteshoni ya ESCOM, oti azisunga magetsi akachuluka ndi kuwabweza akachepa. Mainjiniya a ntchito imeneyo ndi bambo wa m'kashedi ka malata akuyankha mafunso amodzimodzi: tikutapa zingati, tikubweza zingati, ndipo chipata atsegule ndani, nthawi yanji?

Chomwe chinandigwira mtima n'chakuti ntchito yawo yabwino koposa ili pomwe palibe adzaione. Ili kunsi kwa mlomo wa boti, mkati mwa kachubu kofota, kuseri kwa chivundikiro. Ogula usipa pa thandala ku Senga Bay sadzafunsa yemwe anafinya mitu ya mawaya. Anyamata a m'botimo adzangodziwa kuti kiyi akapotokoka injini imalira. Bamboyu sanaponyepo chilimira, ndipo anatiuza kuti kunyanja anapitako kawiri kokha. Komabe pa mfundo iliyonse ankaganizira munthu wosamudziwa, wonyowa, wamantha, ali pakati pa mafunde 3 koloko usiku, ndipo ankamanga ngati munthuyo ndi mwana wawo.

Nyali za batire ndi sola zikulowa m'malo mwa nyali za parafini m'madoko ambiri, kuyambira ku Mangochi, Salima, Nkhotakota mpaka ku Nkhata Bay. Izi zikutanthauza kuti mabatire ndi mawaya akuchuluka m'maboti momwe mulinso petulo ndi miyoyo ya anthu. Luso lomwe ndinaliona ku Kanengo likufunika kugombe, pafupi ndi maboti. A TEVETA, sukulu za ntchito zamanja monga ya ku Salima yomwe ili ku Senga Bay komweko, ndi sukulu ya zausodzi ya ku Mpwepwe, atenge amisiri otere akaphunzitse achinyamata a m'madoko. Ndipo inu eni maboti, musanagule batire lachiwiri khalani pansi ndi katoni ndi pensulo. Werengani zomwe mumatapa ndi zomwe mumabweza, gulani waya wa mkuwa weniweni, ikani fyuzi pafupi ndi batire, ndipo funani mmisiri wofunsa mafunso asanagwire pulayazi. Mukamupeza, mulipireni mosanyinyirika. Koposa zonse, batire lolizira injini likhale palokha. Mbewu sadya.